Kuyenda wapansi kuchoka pa Monkey Bay kukafika ku Cape Maclear, alipo anapangapo?

Wakubembeke:
Moni nonse abale. Ife ndi anyamata ndi atsikana a pa tchalitchi pathu kuno ku Bembeke, tilipo 14, ndipo tinazolowera kukwera mapiri, phiri la Dedza takwera kanayi, ku Chongoni kuja kuli zojambula za pa miyala tinapitakonso chaka chatha. Nde pano ena akuti tatopa ndi kuzizira tiyeni tikaone nyanja, koma osati kungokakhala pa mchenga kumadya chambo ayi, tikufuna tikayende ndi miyendo m'mapiri a m'mphepete mwa nyanja amene aja. Ndinamva kuti pali kanjira kochoka pa Monkey Bay kudutsa m'midzi ya asodzi mpaka ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear. Funso langa ndi loti kodi ndi zotheka tsiku limodzi? Tikuganiza zopita mu Okutobala chifukwa ndi pomwe ambiri tidzakhale titagulitsa kachewere. Ine ndikuona ngati sizingativute poti phiri lathuli ndi lalitali kuposa timapiri ta kunyanjato, koma mundithandize nzeru.

Kabaza_wa_pa_Golomoti:
Kkkkk achimwene mwati Okutobala? Inu a kumtunda mumandisangalatsa bwanji. Ine ndimakuonani daily mukutsika pa Khwekhwerere mutavala majuzi awiri ndi chipewa cha ubweya, pofika pa Golomoti pano mwavula zonse mukufunsa komwe akugulitsa madzi ozizira, ndiye apa simunafike n'komwe kunyanja. Pa boma pa Dedza muli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndiye kusiyana kwa kutentha kwake si kwa masewera. Okutobala ndi Novembala kuno mwala umawotcha moti sungaugwire ndi dzanja masana. Ngati ndi ndalama ya kachewere mukudikira, isungeni mudzapite Juni kapena Julayi, basi. Za njira yake, mukakwere pa Masasa mutsike Khwekhwerere, mukafika pa msewu wa M5 mupeza magalimoto olowera ku Monkey Bay kudzera pa Chantulo, koma nyamukani m'mawa chifukwa madzulo thiransipoti imavuta ndipo mtengo amangotchula momwe akuonerani nkhope.

Nachisale wa pa Lizulu:
Ine ndinayendapo njira imeneyo ndi anzanga a kuntchito, ndiye ndikuuzeni momwe zinandithera mwina muphunzirepo kanthu. Nanenso ndinali ndi maganizo anu omwewo akuti ine mwana wa ku mapiri, ndakulira kusenza kabichi kukwera naye chitunda, ndiye kaphiri ka kunyanja kangandiopseze chani. Eeh. Vuto si kutalika kwa phiri ayi, vuto ndi loti njirayo simangokwera kamodzi n'kutsika ngati ya phiri la Dedza, imakwera kenako kutsikira ku gombe, kukweranso, kutsikanso, ndipo pansi pake ndi miyala yokhayokha ndi timiyala tating'ono toterera tija timene ukaponda molakwika umangozindikira wakhala pansi. Kwathu kuno ukatopa umakhala pansi pa paini mphepo ikukuwomba, kumeneko nthawi ya chilimwe mitengo imakhala itayoyola masamba onse, mthunzi wake ndi wa mlambe basi ukaupeza.

Tinanyamuka dzuwa litatuluka kale chifukwa wina anachedwa kusamba (mumawadziwa anthu ake), aliyense ndi kabotolo kamodzi ka madzi. Pofika cha m'ma 11 madzi onse anali atatha, mnzathu wina milomo itauma gwa, akuyankhula zosamveka. Chinatipulumutsa ndi mudzi wa asodzi womwe tinatsikirako, mayi wina anali akuyanika usipa pa thandala anangotiyang'ana n'kupukusa mutu, sanafunse n'komwe kuti ndinu ndani, analowa m'nyumba n'kutulutsa chigubu cha thobwa. Mpaka lero thobwa ameneyo sindimuiwala. Kuchoka pamenepo sitinapitirizenso wapansi, tinapangana ndi mwini boti anatiperekeza, ndipo ndinachita manyazi kuona ana a sukulu a m'mudzimo akudumpha miyala yomwe ija atavala patapata.

Ndiye malangizo anga, munthu aliyense malita atatu a madzi osachepera, tengani ndi timapaketi ta Thanzi tija, nsapato zikhale zoti munazivalapo kale osati zatsopano zogula pa kaunjika dzulo lake, ndipo 5 koloko m'mawa muzikhala muli kale m'njira. Koma kukongola kokha ndisaname, ukafika pamwamba n'kuyang'ana pansi madzi ali mbee mpaka kuona miyala ya pansi pa nyanja, mabwato akuoneka ngati timitengo ta machesi, nkhwazi ikulira cha uko, ndinaiwala kaye kuti miyendo ikuwawa.

Wakubembeke:
Asisi mwandiopseza koma mwandithandiza kkk. Nanga munthu wotilondolera njira ndi wofunika? Ena akuti tingogwiritsa mapu a pa foni tisawononge ndalama.

Nachisale wa pa Lizulu:
Foni isiyeni achimwene, netiweki m'makwalala amene aja imabwera n'kuthawa, komanso tinjira timeneto ndi tambirimbiri, tina ndi ta amayi otola nkhuni timangothera pa thanthwe. Pezani munthu wa komweko, anthu 14 mukasonkherana sizingakupwetekeni.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu:
Ana anga, nkhani yabwino iyi ndipo ndakondwa kuti achinyamata a masiku ano mukuganiza zoyenda m'dziko mwanu. Ndiwonjezereko pang'ono poti ine ndinkapita ndi ana a sukulu kumeneko zaka zambiri. Choyamba dziwani kuti mapiri mukunenawo ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna tija. Ndiye si tchire wamba loti mungangolowa, pali kulipira pa geti, ngakhale ife a Malawi timalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja, tengani ziphaso zanu za unzika. Midzi imene mwana wanga wa pa Lizulu akunenayo, monga Zambo ndi Mvunguti, ili m'kati mwa paki momwemo, anthu ake anawasiya kuti azikhala pomwe anali, ndipo kumafikidwa pa boti kapena wapansi basi. Mukamadutsa perekani moni, musamajambule anthu ngati mukujambula nyama, ndipo atsikana tengani zitenje.

Koma ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono ndi anzangawa. Gulu la anthu 14 silingafanane mphamvu, pamakhala wina wonenepa, wina wa chifuwa, wina wongotsatira chibwenzi. Bwanji ulendo woyambawu mukagone ku Chembe komweko n'kumayenda maulendo afupiafupi? Kuchoka m'mudzi kupita ku Otter Point ndi pafupi, njira yake ndi yosavuta ndipo mukaima pa miyala paja mbuna mumaziona ndi maso, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, osafuna n'kulowa m'madzi komwe. Chapafupi pomwepo pali manda a amishoni, ndipo inu a tchalitchi simuyenera kubwerako osawaona. Paja Livingstonia yoyamba inali pamenepo, anafika mu 1875 ndi sitima ya Ilala, Dr Robert Laws ali m'gulumo, koma malungo anawatha anthu mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako n'kukwera ku Khondowe komwe kuli Livingstonia ya lero. Ine ndinkawauza ana kuti onani, ngakhale azungu aja anathawa kunyanja kuno n'kukafuna kozizira ngati kwathu, ndiye inu musaiwale neti ya udzudzu. Dzina loti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi, koma eni ake amangoti ku Chembe.

Tsiku lachiwiri amene ali ndi mphamvu akwere phiri la kuseri kwa mudzi m'mamawa, pamwamba pake mumaona zilumba za Thumbi ndi Domwe bwinobwino. Ndipo pa msewu wolowera ku Chembe muuze dalaivala aime pa Mwala wa Mphini, ndi chimwala chachikulu chokhala ndi mizere ngati mphini za agogo athu akale, ambiri amangodutsa osadziwa. Pobwerera ngati nthawi ilipo patukirani pa Mua, mishoni ya 1902 ija, mukaone nyumba yoonetseramo zinthu za chikhalidwe ya Chamare ya ku Kungoni, ndi m'boma lanu lomwe la Dedza koma ndikudziwa ambiri mwa inu simunapondeko.

Kabaza_wa_pa_Golomoti:
Aphunzitsi mwaiwala anyani kkkk. Kumeneko anyani ake ndi ozolowera anthu, saopa olo pang'ono, mlamu wanga anamulanda jumbo ya mandasi m'manja akuona. Chakudya muziika m'chikwama chotseka osati kumanyamula poonekera. China ndi chitedze m'tinjira ta m'tchire, inu a ku Bembeke mwina mumangochimva, chikakukhudzani mudzavula malaya pamaso pa atsikana a kwaya. Komanso Juni ndi Julayi ndanena uja ndi nthawi ya mwera, nde ngati mukuganiza zobwerera pa boti ngati asisi aja, mwini boti akakuuzani kuti lero nyanja yakwiya musamukakamize ndi ndalama, ndipo funsani ma life jacket musanakwere.

Namwino_wa_kumudzi:
Ndingoponyapo kamodzi poti palibe wanena. Mukatopa ndi kuyenda mudzafuna kudzigwetsa m'madzi, palibe angakuletseni, koma dziwani kuti madera amenewo likodzo liliko, makamaka m'madzi osaya a pafupi ndi midzi ndi momwe muli bango, chifukwa tizilombo take timachokera mu nkhono. Silimaonekera pompo ayi, limatenga masabata, ndiye mukabwerako pakapita mwezi ndi theka kapena iwiri pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapereka molingana ndi kulemera kwa munthu, musamangogula n'kugawana. Wina akadzaona magazi pokodza asabise. Madzi a m'nyanja osamwa osathira Waterguard ngakhale akuoneka oyera bwanji.

Wakubembeke:
Zikomo kwambiri nonse, aphunzitsi tathokoza, nkhani ya manda a amishoni ija abusa akaimva mwina atithandizako ndi ya thiransipoti kkk. Ndawerengera anzanga zonsezi dzulo titamaliza kwaya ndipo tagwirizana kuti Okutobala tamusiya, tipita Julayi sukulu akatsekera, tikagona ku Chembe masiku awiri. Koma anyamata anayi akukakamirabe kuti iwo njira ya ku Mvunguti aiyenda basi, akuti asisi a pa Lizulu anagonja chifukwa anachedwa kudzuka. Asisi, munthu amene anakuperekezani pa boti uja mukadali naye nambala? Munditumizire ku inbox, ndikuona ngati anayiwa adzamufuna.