Magalasi a 15x56 osakira gwape wa Coues: ndigule kapena ndidikire?

Yamikani, Tucson

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera kudzapempha nzeru. Mayere a Arizona Game and Fish, nthambi ya boma yoona za ulenje, andigwera chaka chino, ndapeza tagi (chilolezo chosakira) ya gwape wa Coues kudera la Unit 34A, kumapiri a Santa Rita, ulenje wa mu Novembala. Aka ndi koyamba dzina langa kukhala pa tagi. Chaka chatha ndinangoperekeza mnzanga wakuntchito, yanga inali yosenza madzi.

Nkhani ndi ya magalasi oonera kutali. Ndili ndi a 10x42 wamba, okulitsa chithunzi ka 10. Pali munthu akugulitsa Swarovski SLC 15x56 ogwiritsapo kale ntchito pa madola 1,700, pomwe atsopano amapitirira 2,000. Ndalamayo ilipo, koma ndi thukuta la ovataimu ya miyezi itatu.

Chimene chikundivutitsa mtima ndi ichi. Chaka chathacho tinakhala pamsana pa phiri kuyambira m'bandakucha. Mnzanga uja anati pali agwape atatu pansi pa mtengo wa oak kutsidya la chigwa. Ndinayang'ana mpaka misozi, ndinkangoona miyala ndi udzu wouma. Atandisunthira kuti ndisuzumire m'magalasi ake, ndinaona khutu likugwedezeka, kenako mwala umene ndinauyang'ana nthawi yonse ija unasanduka nyama yathunthu, ikubzikula. Kuyambira tsiku lija sindinapeze mtendere ndi magalasi angawa. Ndigule?

aGondwe, Mesa

Gulani achimwene, musazengereze. Ine chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi ndikusaka mapiri amenewa, ndipo zaka zitatu zoyamba ndinabwerako chimanjamanja chifukwa cha maso basi.

Kanyama aka n'kakang'ono. Tonde wamkulu, ndiye kuti gwape wamwamuna, amalemera makilo 50 kapena kupitirirako pang'ono, msinkhu wa mbawala ya kwathu, ndipo ubweya wake ndi wotuwa ngati miyala ya komweko. Alenje a kuno amamutcha grey ghost, mzukwa wotuwa, chifukwa amazimirira uli chimuyang'anire. Kusaka kwake si koyendayenda. Umakwera phiri kukadali mdima, umakhala pansi dzuwa likakhale kumsana kwako, n'kuyamba kupeta phiri la kutsidya ndi maso, mzere ndi mzere, chitsamba ndi chitsamba. Dzuwa likakwera nyama zimasamukira kumbali yoyang'ana kumpoto komwe kuli mthunzi, n'kugona pansi pa oak kapena juniper. Apo ndiye pamene magalasi abwino amadziwika. Sukufunanso nyama yonse, ukufuna nsonga ya nyanga, mzere woyera wa pakhosi, mwendo umodzi pakati pa nthambi.

Mfuti mudzaiwomba kamodzi sabata yonse. Magalasi mudzakhala mutawatsamira maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu tsiku lililonse. Ndalama ikani pomwe pali ntchito.

Mayi a Tadala, South Bend

Pepani abambo, ine ndilankhule ngati mayi. Madola 1,700 mukawasintha kumudzi ndi mamiliyoni. Ulenje wanuwo ukugwa mu Novembala, nthawi yomwe mvula ikuyamba ndipo foni ya aliyense pagulu pano ikulira za feteleza ndi mbewu. Nanga nyamayo ndi yochuluka bwanji? AGondwe anena okha kuti ndi kanyama kakang'ono. Mukachotsa chikopa, mafupa ndi zam'kati mutsala ndi makilo osakwana 20, ndipo ndamva kuti ku Arizona lamulo ndi gwape mmodzi pachaka.

Bambo a Tadala amasaka kuno ku Indiana. Amakwera mumtengo m'mphepete mwa munda wa chimanga, gwape amabwera yekha pafupi, ndipo ndi wamkulu pafupifupi kawiri kuposa wanuyo. Magalasi awo ndi a madola osakwana 200, firiji imadzaza chaka chilichonse. Sindikunyoza, ndikungofunsa ngati zimenezi ndi zofunikadi kapena ndi mtima wofuna kufanana ndi anzanu akuntchito.

aGondwe, Mesa

Mayi, funso lanu ndi labwino, koma Indiana ndi kuno ndi maiko awiri. Kwanuko munthu saona kupitirira mamita 100 chifukwa cha nkhalango. Kuno ukakhala paphiri ukuona makilomita awiri, atatu, ndipo nyama ikhoza kukhala paliponse m'menemo. Za nyama yochepa mwanena zoona. Wofuna ndiwo zotchipa apite ku butchala.

Kondwani, Sierra Vista

Ine ndili pakati, koma pali chinthu chimene simunachitchule nonse: tripod, choimikapo magalasi cha miyendo itatu. Yamikani, kodi tsiku lija magalasi ako unawagwira m'manja? Nanga a mnzakoyo anali pa chiyani?

Yamikani, Tucson

Anga m'manja. Ake anali pa tripod, iye atakhala pakampando kakang'ono.

Kondwani, Sierra Vista

Ndiye theka la vuto lako ndi limenelo. Diso la munthu limagwira msanga chinthu chimene chikuyenda, koma pokhapokha china chilichonse chitaima nji. Magalasi akakhala m'manja phiri lonse limanjenjemera ndi kugunda kwa mtima wako, ndiye khutu la gwape likagwedezeka sulisiyanitsa. Ukaika 10x42 yomweyo pa tripod udzadabwa, ukhala ngati wagula magalasi ena.

Chinanso, 15x56 sungaigwiritse ntchito m'manja ngakhale pang'ono. Imalemera kupitirira kilo imodzi ndipo ikakulitsa chithunzi ka 15 imakulitsanso kunjenjemera ka 15. Ndiye pa 1,700 paja wonjezerapo tripod yolimba, mutu wake wozungulira mosalala, kachitsulo kolumikizira ndi kampando. Ufika 2,100 usanathire mafuta m'galimoto.

Koma ndikuchenjezenso mbali inayo, usathamangire zotchipitsitsa. Chaka changa choyamba ndinaitanitsa 15x pa intaneti, ya mtengo wa nsapato. Mbali ziwirizo sizinkaloza pamodzi, maso ankalimbana kuti agwirizanitse chithunzi. Pofika 10 koloko m'mawa mutu unkawawa ngati malungo, tsiku lachiwiri ndinasanza paphiri pomwepo, ndinatsika ulenje usanathe. Tsopano ndili ndi ya pakatikati. Zilipo za Zeiss, Meopta ndi Maven za 15x56 zotsikirapo mtengo kuposa Swarovski, ndipo Vortex Diamondback HD 15x56 siifika madola 500.

Ndipo tisaiwale, gwape wa Coues woposa onse pa gulu la nyanga zomera mwadongosolo (typical) m'buku la marekodi a alenje la Boone and Crockett anaphedwa ndi Ed Stockwell mu 1953, m'mapiri a Santa Rita omwe ukupitawo. Nthawi imeneyo SLC inali isanapangidwe.

aMbewe, Dedza

Ana anga, ine ndikuwerenga kuno kumudzi, ndikudabwa. Ife tili anyamata tinkapita ku uzimba mwezi wa Okutobala tchire likapsa, ndi agalu, zibonga ndi mauta. Mlenje weniweni ankadziwika ndi kuwerenga mapazi ndi ndowe, akagwira ndowe ya insa ankakuuza kuti yadutsa m'mawa uno kapena dzulo. Kodi kumeneko simungalondole mapazi? Agalu kulibe? Ndipo dzina loti Coues likutanthauza chiyani?

Kondwani, Sierra Vista

Zikomo amalume. Dzinalo ndi la munthu, Elliott Coues, dokotala wa asilikali amene ankakondanso kuphunzira za mbalame ndi nyama, anakhalako ku Fort Whipple kuno ku Arizona kuyambira 1864.

Agalu alipo koma lamulo sililola kusakira gwape. Kuika nyambo ndi mlandu. Ngakhale makamera omangirira pamtengo aja anawaletsa pa ulenje kuyambira pa 1 Januwale 2022, n'chifukwa chake kufufuza malo ulenje usanayambe kwabwerera ku maso ndi miyendo. Moto ndiye osayerekeza, malo ambiri kumeneko ndi a Coronado National Forest.

Mapazi timawerenga ndithu, makamaka pa madamu omwera ng'ombe ndi m'makwawa momwe muli mchenga. Amatiuza kuti nyama zilipo m'derali. Koma kuwalondola kukwera phiri sizitheka, pansi ndi miyala yokhayokha yogubuduzika, phazi lililonse limachita phokoso, ndipo pali kaminga kokowa kotchedwa catclaw kamene kamagwira malaya ngati kankhande. Gwape amakumva uli kutali, umangoona mchira woyera ukulowa kuseri. Ganizirani kusaka chinkhoma m'matanthwe a phiri la Dedza, ndi chimodzimodzi.

aMbewe, Dedza

Ndamva mwanawe. Chinkhoma ndiye sunkachipeza poyenda, unkachidikira. Ngati ndi choncho maso ndi ofunikadi. Koma Yamikani, amayi ako kumunda asagone ndi nkhawa chifukwa cha magalasi.

Thoko, Phoenix

Ine ndimasaka javelina, nyama zonga nguluwe zazing'ono, ndi amuna anga mwezi wa Febuluwale, mapiri ake omwewo. Achimwene a Yamikani, ndikufunseni zinthu zitatu musanapereke ndalama. Nsapato muli nazo zotani? Chikwama chanu chimanyamula madzi angati? Mfuti yanu mwaiyesa pa mtunda wanji?

Ndikufunsa chifukwa kumapiri kumeneko kuli kachomera konga khonje kakang'ono, amakatcha shindagger, kamamera mothithikana m'malo otsetsereka. Chaka china kanaboola nsapato yanga yofewa m'mbali, minga inathyokera m'kati pafupi ndi kakolo, ndinatsika ndikutsimphina makilomita atatu. Madzi nawo, ngakhale mu Novembala masana kumatentha, malita atatu kapena anayi pamunthu amatha, ndipo akasupe si odalirika. Ndiye mfuti. Mukamuona tonde pa kilomita ndi theka ndi magalasi okwera mtengowo, ntchito yangoyamba. Muyenera kutsika chigwa, kukwera kwina, mphepo ili kumaso, ndipo nthawi zambiri simufika pafupi kuposa mayadi 250 kapena 300. Ngati simunawombepo pamtunda umenewo mobwerezabwereza, mudzangovulaza nyama n'kuitaya, chinthu chimene chimapweteka mtima kwambiri. Zipolopolo zoyesera ndi rangefinder, kachipangizo koyezera mtunda, zimafunanso ndalama.

Yamikani, Tucson

Achemwali mwandigwira pamenepo. Nsapato ndi zakuntchito. Mfuti ndi .270, ndaiyesa pa mayadi 100 ndi 200 basi. Rangefinder ndilibe.

aGondwe, Mesa

Zonse zimene anena Thoko ndi zoona, sinditsutsa. Koma ndiumirirabe pa mfundo imodzi. Nsapato zimatha, zipolopolo zimatha, magalasi abwino satha. Anga ndinagula ogwiritsapo kale ntchito zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, lero nditati ndigulitse ndalama yanga yambiri ibwerera. Ogula zotchipa amagula kawiri, Kondwani ndi mboni. Ndipo mtengo wa 1,700 suoneka kawirikawiri.

Mukaganiza zogula, mukumane ndi mwini wake madzulo dzuwa likulowa, muone nambala yake, muyang'ane m'kati ndi tochi ngati mulibe nkhungu kapena fumbi, kenako muyang'ane chinthu chakutali kwa mphindi khumi osachotsa maso. Mukamva kukoka m'maso, musiyeni.

Mayi a Tadala, South Bend

Zoti amagulitsikanso sindinkadziwa, pamenepo mwandigonjetsa pang'ono. Koma Yamikani, mayi akunyumba akudziwa?

Yamikani, Tucson

Akudziwa mayi, ndi amene anati ndifunse pagulu pano. Mawu awo ndi oti feteleza wa makolo mbali zonse ziwiri atsogole, zotsalazo ndione ndekha.

aGondwe, Mesa

Tichite chonchi. Loweruka ndibwera. Gulani tripod ndi kachitsulo kolumikizira 10x42 yanuyo, zimenezo mudzazifuna ngakhale mutasankha chiyani. Tikakhale limodzi mbali ya Box Canyon, tripod ziwiri moyandikana, muziona nokha. Tinyamuke ku Tucson 4 koloko, dzuwa litipeze tili pamwamba.

Yamikani, Tucson

Ndabwera ndi lipoti la Loweruka, monga ndinalonjezera.

Kondwani ananena zoona. Nditangoika magalasi anga akale pa tripod phiri linakhala bata, ndipo dzuwa lisanatuluke bwino ndinapeza ndekha agwape aakazi awiri ndi kamwana, akudya pakati pa mitengo ya ocotillo. Palibe anandilozera. Manja ankanjenjemera ndi chimwemwe koma chithunzi chili phee. Pofika 8 koloko ndinali nditawerenga asanu, aGondwe asanu ndi awiri. Ndinayamba kuganiza kuti nkhani yatha.

Koma aGondwe nawonso ananena zoona. Cha m'ma 10 nyama zonse zinalowa mumthunzi, kwa ine phiri linakhala lopanda kanthu. Iwo anapitiriza kupeza. Anandiitana kuti ndione tonde atagona pansi pa juniper, mtunda wopitirira kilomita. M'magalasi awo ndinawerenga nthambi zitatu mbali iliyonse ya nyanga, ndinaona ngakhale diso likuphethira. Nditabwerera ku anga, ndikudziwa mtengo wake weniweniwo, ndinkangoona kachidontho kotuwa kamene sindikanakaganizira kuti ndi nyama.

Ndiye ndachita izi. Ndalama ya feteleza yapita Lolemba. Ndagula nsapato zachikopa cholimba ndi rangefinder, ndipo masabata atatu akubwerawa ndikhala ndikuyesa mfuti pa mayadi 300. Wogulitsa uja ndamuuza kuti chaka chino sinditha. AGondwe adzipereka kundiperekeza masiku atatu oyamba ndi magalasi awo, masiku otsalawo ndidzasaka ndi anga, ndizikhala pafupi ndi zigwa zing'onozing'ono zimene 10x42 ingakwanitse.

aGondwe, Mesa

Ine ndikanagulabe, koma mwaganiza ngati bambo wapabanja. Nambala ya munthuyo musaifufute, mwina pofika Januwale adzakhala asanagulitse. Tonde uja tamuika chizindikiro pa onX, mapu a pafoni, tikamuonenso kawiri ulenje usanatsegulidwe kuti tidziwe ngati amagona pomwepo masiku onse.

Thoko, Phoenix

Nsapato zatsopanozo muyambe kuvala lero, kuntchito ndi kutchalitchi komwe, zisakakupatseni matuza paphiri. Mukatengenso chipeso chaching'ono m'thumba, ndi chimene timachotsera cholla, chomera cha minga, ikakanirira pamwendo, osagwira ndi zala. Cooler yaikulu ndili nayo, mudzadutse mudzatenge Lachinayi lake.