Maselo abwinobwino kumathandiza khansa, zimatheka bwanji?

Nachisale88: Abale, mayi anga aang'ono ali pa kemo, khansa ya m'mawere, ndiye tulo palibe ndikungowerenga pa foni. Ndapeza zoti mkati mwa chotupa muli maselo ena omwe si a khansa koma amaithandiza potulutsa timatumba totchedwa ma exosome. Thupi lomwelo kumadyetsa mdani wake? Ondimasulira alipo?

WaKuLabu: Pepani ndi matenda a mayi. Maselowo ndi ma fibroblast, omwe aja amatseka bala mukadzicheka mpaka pakhale chipsera. Wofufuza wina, Harold Dvorak, mu 1986 anayerekeza chotupa ndi chilonda chosapola, ndiye iwowo amangogwirabe ntchito yopoletsa osaleka, khansa n'kumapezerapo mwayi. Timatumbato ndi tating'ono zedi, ma nanometer 30 mpaka 150 (nanometer ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), mkati mwake muli mapuloteni, mafuta ndi microRNA (timauthenga towongolera kagwiridwe ka ntchito ka selo), selo ya khansa ikatimeza khalidwe lake limasintha. Mu 2012 gulu la Jeff Wrana ku Toronto linaonetsa kuti timatumba ta ma fibroblast timapangitsa maselo a khansa ya m'mawere kuyenda kwambiri, ndipo mu mbewa khansayo inkafalikira kumapapo.

Angoni_UK: Ine yomwe inandiwawa ndi ya khansa ya pancreas, chiwalo cha m'mimba chopanga insulin. Kumeneko gawo lalikulu la chotupa si maselo a khansa ayi, ndi ma fibroblast ndi zolimba zomwe amapanga. Ofufuza atawathira mankhwala a kemo otchedwa gemcitabine mu labu, ma fibroblast sanafe, m'malo mwake anayamba kutulutsa timatumba tambiri kuposa kale ndipo maselo a khansa otilandira ankapirira mankhwalawo. Timatumbato timanyamulanso chakudya, ma amino acid, khansa ikasowa chodya pomwe magazi sakufika bwino.

Nachisale88: Eee ndiye bwanji osangowapha onse ma fibroblast wo? Komanso kemo ya mayi ikuwonjezera vuto kapena?

WaKuLabu: Ayi achemwali, mayi asadumphe ngakhale tsiku limodzi la kemo chonde, zambirizi zaonedwa mu labu ndi mu mbewa basi, pomwe kemo yapulumutsa anthu enieni ambirimbiri. Zowapha onsezo anayesa, mu 2014 gulu la Raghu Kalluri ku Houston linachotsa ma fibroblast mu mbewa za khansa ya pancreas, khansa inalusa kwambiri mbewazo n'kufa msanga. Kusonyeza kuti ena mwa iwo amaitchinga khansayo. N'chifukwa chake ena pano akuyesa kutseka katulutsidwe ka timatumbato ndi mankhwala ngati GW4869, koma amenewo ndi a mu labu, odwala sapatsidwa.