Ndafufuta theka la mizere mu PostgreSQL koma malo pa disiki sakubwerera

Wophunzira_DB:
Akuluakulu, thandizeni. Ndili ndi tebulo la 60 GB mu PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta, ndafufutamo pafupifupi theka la mizere ndi DELETE, kenako ndayendetsa VACUUM. Fayilo ikadali 60 GB yomweyo. Malowo apita kuti?

Msungadeta:
Ali m'tebulo momwemo, achimwene. PostgreSQL sichotsa mzere nthawi yomwe mwaufufuta, imangouika chizindikiro choti wafa, poti transaction ina (gulu la malamulo lochitika ngati ntchito imodzi) yomwe inayamba kale mwina ikuuwerengabe. UPDATE nayo imalemba mzere watsopano n'kusiya wakalewo wakufa. VACUUM wamba imayenda m'masamba a 8 kB (tizigawo ta fayilo ya tebulo), imachotsa mizere yakufayo pamodzi ndi zolozera zake m'ma index (mindandanda yothandiza kupeza mizere msanga), n'kulemba malowo mu free space map, mndandanda wa malo opanda kanthu, kuti INSERT yotsatira ilowe pomwepo. Ku disiki imabweza masamba opanda kanthu a kumapeto kwa fayilo okha. Mzere umodzi wamoyo ukatsala patsamba lomaliza, fayilo sichepa.

Ngati tebulolo lidzadzazanso, lisiyeni choncho. Ngati malowo mukuwafunadi, VACUUM FULL imalemba tebulo latsopano la mizere yamoyo yokha. Koma imatseka tebulo lonse, ngakhale SELECT sidutsa mpaka imalize, ndipo disiki iyenera kukhala ndi malo a tebulo latsopanolo, kwa inu 30 GB kuwonjezapo ma index, chifukwa lakale limachotsedwa kumapeto. Disiki ikakhala yodzaza kale, ntchito ifera panjira. Tebulo likakhala lotanganidwa usana ndi usiku, pg_repack, chida chowonjezera chogwira ntchito yomweyo, ndi yabwinopo: imatseka kwa kanthawi kochepa poyamba ndi pomaliza, koma imafuna primary key (chozindikiritsa mzere uliwonse) kapena unique index (index yosalola zobwereza) yosalolanso null (malo osadzazidwa).

Wa_Seva:
Musanafike kumeneko, onani kaye ngati VACUUM yachotsadi chinachake. Yendetsani VACUUM VERBOSE, idzakuuzani mizere yakufa yomwe sinathe kuichotsa. Ikakhala yambiri, pali chomwe chikuigwira. Kawirikawiri ndi kulumikizana kwa pulogalamu komwe kwangokhala "idle in transaction" (kwatsegula transaction n'kungoisiya osaitseka) kwa maola. Mudzakuona mu pg_stat_activity, mndandanda wa kulumikizana konse, pa xact_start, yoonetsa nthawi yomwe transaction inayamba. Zina ndi replication slot (yosungira deta seva ina yokopera) yosiyidwa, kapena prepared transaction (transaction yodikira kutsimikizidwa) yoiwalika. Izi zikakhalapo, ngakhale VACUUM FULL idzasamutsira mizere yakufayo m'tebulo latsopano. Ikani idle_in_transaction_session_timeout, malire a nthawi, kuti vuto la "idle in transaction" lisabwerezeke.

Msungadeta:
Zoona zimenezo. Chinanso, autovacuum, VACUUM yodziyendera yokha, ngati simunaisinthe imadzuka mizere yakufa ikapitirira 50 kuwonjezapo 20 peresenti ya tebulo. Pa mizere 100 miliyoni, ndiye kuti imadikira yakufa 20 miliyoni, zomwe n'zochedwa kwambiri. Tsitsani peresentiyo pa tebulo lokhalo:

ALTER TABLE dzina SET (autovacuum_vacuum_scale_factor = 0.02);

Ndipo ngati mumafufuta deta yakale mwezi ndi mwezi, gawani tebulolo m'ma partition (zigawo) a miyezi. DROP ya partition imodzi imabweza malo ku disiki nthawi yomweyo, popanda kusiya mzere wakufa ngakhale umodzi.