Thandizeni, gawo lachiwiri la filimu ya galu wosanduka munthu ndilipeza kuti?

Membala wobisa dzina: Moni a gulu. Admin ndibiseni chonde, alamu anga ali muno. Ndimakhala ku Mufakose, muno mu Harare. Mwana wanga wa zaka 7 anaonera filimu kwa aneba, ya ana awiri apaubwenzi amene galu ndi mphaka wawo anasanduka anthu. Akuti galuyo anavala yunifomu koma ankanunkhizabe anzake m'kalasi, mwana kuseka mpaka misozi. Ndiye wamva kuti kuli gawo lachiwiri, sakundipumitsa. Kwa anebawo sindingapiteko, tinayambana nkhani ya ndowa pamjigo, iwo ndi amene anadumpha mzere. Bambo ake foni sagwiritsa munthu, koma ukakhala mpira bandulo imapezeka. Magetsi nawo amayaka ana atagona. Dzulo ndinamupeza akumwetsa mphaka wa alandilodi tiyi m'kapu yanga ya ku Mvano, akuti asanduke msanga. Ndiipeza kuti? Nanga ndi yoyenera mwana?

Mtsikana wa ku Avondale: Mayi, dzina la filimuyo ndi chiyani?

Agogo a ku Mabvuku: MUKUFUNSA POIPEZA? Chinyama kusanduka munthu kwathu timati ufiti, palibe dzina lina. Lero ndi tiyi, mawa mwanayo adzakuuzani kuti mphaka wamuyankha. Pitani naye kwa abusa.

Mphunzitsi wa ku Glen View: Agogo, ndi ulemu wonse, inu simunakule ndi nthano? Fisi uja anasanduka mnyamata wooneka bwino n'kukafunsira mbeta, tinkamumvera pamoto tikuyankha kuti tili tonse. Kalulu ankaweruza milandu. Ndani analodzedwa nazo?

Agogo a ku Mabvuku: Nthano inali ndi mwambo, ndipo masana sitinkaimba. Izi n'za azungu ogona ndi agalu pabedi. Musandiphunzitse, ndinafika muno Harare akutchedwa Salisbury, 1982 isanakwane.

Kondakitala wa kombi: Galu wanga atasanduka munthu ayambe walipirako lendi. Wadya zanga zambiri ameneyu.

Mayi a mapasa, Highfield: Ine zinandionekera. Ndinapereka dola kwa anyamata oika mafilimu pa flash m'tauni, ndinati ya ana. Kufika kunyumba, apongozi ali pampando, zimene zinatuluka pa TV sindingazilembe pano. Mukapita kumeneko aitsegule muone ndi maso anu musanalipire. Chenji anandipatsa ya ZiG, ndalama ya muno mu Zimbabwe, yoti kombi inakana.

Kondakitala wa kombi: Za chenji musatinamizire amayi, ifenso pogula mafuta amafuna madola.

Mtsikana wa ku Avondale: Ngati dzina simukulidziwa, lembani nkhaniyo mwachidule m'Chingerezi pa Google, zithunzi zikatuluka mwana aloze yekha. Mukalipeza muone ngati ili pa Netflix kapena YouTube, muidawunilode pamene pali Wi-Fi. Pakalembedwa PG ndiye kuti muonere naye limodzi.

Agogo a ku Mabvuku: Kuonera naye limodzi kuti alowe onse awiri? Ana a masiku ano mwaphunzira mopitirira. Mdzukulu wanga anaonera za munthu wouluka, anadumpha padenga la chimbudzi, mkono mpaka pulasitala.

Mphunzitsi wa ku Glen View: Ndiye vuto linali denga losatetezedwa, agogo. Mwanayu wagwa m'chikondi ndi chiweto, basi. Mayi, mkaka ndi tiyi zimatsegula amphaka ambiri m'mimba, muuzeni azimupatsa madzi.

Bambo wa ku Tafara: Nonse mukusiya nkhani yeniyeni. Mwamuna wokaniza foni akubisa chiyani?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Bambo a ku Tafara, zimenezo ndibwera nazo padera. Agogo, mwana wanga amaimba kwaya ya Sande sukulu, musamutchule zimenezo. Alandilodi amva za tiyi uja, akuti mphaka akadwala ndilipira ine.

Mtsikana wa ku Avondale: Mayi, mwamufunsa mwanayo dzina la filimu?

Agogo a ku Mabvuku: Dzina lake ndi ufiti, ndanena kale. Admin, amene akundiseka ndi tizithunzi awa muwachotse.