Kasitomala akufuna kuona akamba pa cruise ya ku Durban, ndilembe chani?

Ejenti wa ku Limbe: Abale ndithandizeni. Ndili ndi banja la anthu anayi, akufuna cruise ija, ulendo wa pa sitima ya pamadzi wochoka ku Durban kupita ku chilumba cha Portuguese Island ku Mozambique mu Januwale, koma mayi akakamira kuti mwana wawo akaone akamba a m'nyanja akuikira mazira ndiye akuti ndilembe pa koteshoni kuti akawaona ndithu. Ndalama zake nzambiri izi, ndikuopa kulonjeza. Alipo anagulitsapo zoterezi?

Wa pa sitima: Asisi musalembe zimenezo chonde. Ine ndimagwira m'sitima zomwezi, pachilumba paja timafika m'mawa anthu amatsika pa timaboti, kusambira, kudya, dzuwa likamapendeka aliyense wabwerera m'sitima basi tanyamuka, pamene kamba amatuluka m'madzi usiku kukakumba dzenje lake. Komanso nyanja ikawinduka timaboti sitiyenda, anthu satsika nkomwe. Wosambira ndi magalasi aja atha kukumana naye mmodzi m'madzi, zimachitika, koma si chinthu choika pa pepala.

Ejenti wa ku Limbe: Eee ndiye ndiwauze angoiwala?

Gaidi wa ku St Lucia: Ayi achemwali, mwezi asankha bwino kale amenewo, malo ndi amene alakwika. Kuno ku St Lucia, ku paki ya iSimangaliso ku South Africa, akamba amaikira kuyambira Novembala, mitundu iwiri, loggerhead ndi leatherback, ndipo mazira amatenga pafupifupi miyezi iwiri ndiye Januwale ndi pamene mumatha kupeza zonse ziwiri usiku umodzi, kamba wamkazi akuikira kwinaku tiana tikutuluka mumchenga kuthamangira kumadzi. Leatherback mukamuona koyamba mumangoti kukamwa yasa, ena amapitirira makilo 400. Gombe limeneli akhala akuwawerenga akambawa kuyambira 1963, si zongoyerekeza ayi. Muwaonjezere mausiku awiri kuno asanakwere sitima, kuchoka ku Durban ndi maola atatu pa msewu wa N2.

Ejenti wa ku Area 47: Bwanji awiri achimwene, umodzi sukwana? Makasitomala athuwa paja amawerenga kwacha iliyonse.

Gaidi wa ku St Lucia: Umodzi ndi juga mayi. Magalimoto amalowa kugombe podzera pa Cape Vidal, m'paki momwemo, madzi akabwerera mmbuyo okha, ndiye nthawi yonyamuka imasintha tsiku ndi tsiku, pena mumabwerako pakati pausiku, ndipo pali masiku mumayenda gombe lonse nkungopeza mapazi ake basi. Usiku wachiwiri ndi wopulumukira. Chinanso bukingi ichitike pano, amene ali ndi layisensi yolowa usiku ndi ochepa ndipo Disembala ndi Januwale kumadzadza. Wina akakuuzani kuti awatengera kugombe mwamseri motchipa mukaneni, mukamangitsa makasitomala anu.

Wa pa sitima: Ndipo mausiku awiriwo muwaike sitima isananyamuke osati atatsika, akamatsika amakhala atatopa ndalama zatha.

Ejenti wa ku Area 47: Ku Kosi Bay bwanji, ndinamva amayenda wapansi?

Gaidi wa ku St Lucia: Eya ku Bhanga Nek, kumeneko zisa nzambiri ndipo amakuyendetsani ndi anthu akumudzi komweko, ine ndimakukonda kwambiri, kungoti nkutali kufupi ndi malire a Mozambique, msewu wamchenga ukufuna 4x4 ndiye ndi mwana wamng'ono kuyenda mumchenga usiku atha kulira panjira. Mwanayo ali ndi zaka zingati? Komanso muwauziretu, fulashi ya foni ayi, tochi yoyera ayi, gaidi amagwiritsa ntchito yofiira. Kamba akasokonezedwa asanayambe kuikira amabwerera m'madzi, ndipo tiana timatsata kuwala nkusochera. Izi zimandipweteka ndikaziona.

Ejenti wa ku Limbe: Ali ndi zaka 7. Ndiye St Lucia yomweyo, ndilemba kuti ulendo wausiku wokafuna akamba, osati kuti akawaona. Achimwene nditumizireni ku inbox masiku amene madzi akhale bwino sabata yachiwiri ya Januwale, ndiwaimbire mayiwa lero lomwe.