Ndani ali ndi mapulani a ndege ya SR.177?

Abale ndithandizeni chonde. Mwezi watha ndinali ku RAF Museum, malo osungirako ndege zakale a RAF (asilikali a ndege a Britain) ku Cosford ku England, ndinaima pafupi ndi SR.53, kandege kankhondo koyera ka kampani ya Saunders-Roe, kumchira jeti pamwamba roketi pansi, mpaka lero sikakundichoka m'mutu. Kampaniyo inkakonza ina yokulirapo, SR.177, ya radar pamphuno, koma 1957 nduna ya zachitetezo ya Britain Duncan Sandys inati mizinga ndiyo tsogolo, RAF nkuisiya, a Germany omwe ankaifuna nkukagula ndege ya ku America ya F-104, basi SR.177 osaulukako olo kamodzi, zimandiwawa bwanji. Ndiye ndikufuna kusema kachidole kake ndi thabwa lofewa koma zithunzi zapaintaneti sizikuonetsa bwino polowera mpweya pansi pamphunopo, alipo ali ndi mapulani ooneka mbali zonse zitatu? Olo a Avro 730, ndege ina ya Britain yomwenso inasiyidwa 1957, ndilandira.