Kuyenda wapansi m'chipululu cha Namib: wolondolera ndi wofunikadi?

Nachisale_BT: Akuluakulu, banja lathu likufuna kukaona chipululu cha Namib ku Namibia mwezi wa Julayi, cha ku Swakopmund ndi ku Twyfelfontein. Tilipire wolondolera kapena tingoyenda tokha? Nanga titenge chiyani?

Mlendo77: Lipirani, mayi. Panokha mukangoona mchenga basi. Tizamoyo ta kumeneko timabisala dzuwa likakwera, ndiye wolondolera amatsata timapazi ta usiku n'kufukula nalimata wa zala zolumikizana ngati za bakha, kapena kukulozerani kamphiri kodzikwirira kamene kasiya maso okha panja. Nyamukani m'mamawa mphepo isanafufute mapaziwo. M'mbali mwa nyanja mvula sikwana n'komwe mamilimita 25 pachaka. Chimene chimasunga zamoyo ndi nkhungu yobwera chifukwa cha madzi ozizira oyenda m'nyanja ya Atlantic otchedwa Benguela. Kuli kachikumbu kamene kamakwera pamwamba pa mulu wa mchenga, mutu pansi kumbuyo m'mwamba, kuti madontho a nkhungu atsetserekere kukamwa. Juzi musasiye, m'mawa kumazizira kwambiri.

AChisale_Windhoek: Ku Twyfelfontein palibe zosankha, salola kuzungulira popanda wolondolera wa pamalopo. Bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2007, ndipo pali zithunzi zozokota pamiyala zoposa 2,000: akadyansonga, zipembere, nthiwatiwa, ndi mkango wa mchira wautali wopindika wothera ndi phazi. Osagwira, mafuta a m'manja amawononga mwalawo. Kumeneko ndi kutali ndi nyanja, mthunzi ndi wosowa, choncho fikani dzuwa lisanapse. Chipewa chachikulu, nsapato zotseka, osati patapata. Madzi malita 4 munthu aliyense patsiku, ena apadera m'galimoto, ndi timapaketi ta ORS. Mpweya ndi wouma, thukuta limauma musanalione, ndiye munthu amayesa ali bwino mpaka mutu uyambe kuwawa. Ana muziwamwetsa asanapemphe.

Mlendo77: China, mukafuna kukaona Welwitschia, chomera cha masamba awiri okha moyo wake wonse chimene chimatha kupitirira zaka 1,000, gulani chilolezo ku ofesi ya zachilengedwe ku Swakopmund musanauyambe. Miyala imene adaizunguliza pa chomeracho osaidumpha, mizu ina ili pamwamba ndipo kuponda kumaiwononga. Galimoto isachoke mumsewu. Zotuwatuwa zimene zili pansipo ndi ndere zamoyo, zimakula pang'onopang'ono, ndipo njira ya matayala imaonekabe patapita zaka makumimakumi.

Nachisale_BT: Zikomo kwambiri. Nanga galimoto yaing'ono ikafika?

AChisale_Windhoek: Msewu wambiri ndi wamiyala, yokwera m'mwamba ndiyo yabwino. Tengani matayala awiri apadera, osapyola liwiro la makilomita 80 pa ola, ndipo thirani mafuta paliponse pamene mwawapeza.